Kampani ikagwa, wantchito asagwe nayo

Pamisika yambiri ya m'maboma masiku ano pali nsanja yachitsulo yomwe imaonekera patali. Pansi pake wogulitsa tomato akufunsa pafoni mtengo wa ku Lilongwe, mayi akulandira ndalama yomwe mwana watumiza kuchokera ku Joni, ndipo wakabaza akuitanidwa ndi kasitomala yemwe sakumuona n'komwe. Munthu poona izi akhoza kuganiza kuti amene amapanga makina omwe ali pansanjapo adalemera kalekale ndipo ntchito yawo siingathe.

Koma zinthu sizili choncho. M'mwezi wa Febuluwale 2023 kampani ya Ericsson ya ku Sweden idalengeza kuti ichotsa ntchito anthu 8,500 m'maiko osiyanasiyana. Mu Okotobala chaka chomwecho kampani ya Nokia ya ku Finland idati nayo ichotsa anthu omwe akhoza kufika 14,000 mwa antchito ake 86,000 pofika 2026. Mu Malichi 2024 Ericsson idawonjezera ena 1,200 kwawo ku Sweden. Zonsezi zidachitika pomwe anthu oposa 5 biliyoni padziko lapansi ali ndi foni zam'manja.

Nkhaniyi ikuoneka ngati yakutali, koma ili ndi phunziro kwa banja lililonse lomwe limadalira malipiro a pamwezi. Phunziro lake ndi lakuti kukula kwa kampani si chitetezo cha wantchito, ndipo akuluakulu akalakwitsa masamu, amene amayamba kulipira ndi munthu yemwe sadakhale nawo pamsonkhano pomwe mfundozo zinkamangidwa.

Makampani awiriwa si amene amagulitsa mayunitsi. Iwo amapanga zipangizo zomwe makampani a mafoni amagula kuti netiweki igwire: mabokosi ndi tinyanga tomwe timamangiriridwa pansanja, makina olumikiza foni ina ndi inzake, komanso zipangizo zoyendetsa mauthenga m'nthambo zopyapyala zagalasi zotchedwa fibre. Makasitomala awo ndi ochepa koma amagula katundu wa ndalama zankhaninkhani, ndipo sagula chaka chilichonse mofanana.

Ntchito yawo ikufanana ndi ya mmisiri womanga nyumba. Mwininyumba akapeza ndalama, mmisiri amalemba anyamata ambiri oponda matope ndi kunyamula njerwa. Nyumba ikafoleredwa, mwiniwake amagonamo zaka zambiri koma anyamata aja ntchito yawathera. N'chimodzimodzinso ndi netiweki. Pakabwera luso latsopano monga 3G, 4G kapena 5G, makampani a mafoni amagula zipangizo mothamanga kwa zaka zingapo, kenako n'kusiya.

Izi ndi zomwe zidachitika mu 2023. Makampani akuluakulu a mafoni ku America adali atamaliza gawo lalikulu la ntchito yoika 5G ndipo adali ndi zipangizo zina zambiri m'nyumba zosungiramo katundu. Ku India, komwe 5G idayamba mu Okotobala 2022, liwiro logula lidayambanso kutsika chakumapeto kwa 2023. Chiwongoladzanja m'mabanki chidali chitakwera, choncho kukongola ndalama zomangira nsanja zatsopano kudali kodula. Pakati pa Julaye ndi Sepitembala 2023 malonda a Nokia adatsika ndi magawo 20 pa 100 alionse poyerekeza ndi miyezi yomweyo chaka cham'mbuyo. Pasadathe sabata zambiri, chiwerengero cha anthu ochotsedwa chidatuluka.

Komabe zomwe zidachitika mu 2023 n'zochepa poyerekeza ndi mliri womwe udagwa m'makampani amenewa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Panthawiyo m'Malawi muno foni yam'manja idali idakali chinthu chachilendo, pakuti TNM idayamba mu 1995 ndipo Celtel idabwera mu 1999. Pomwe anthu kuno ankapanga mzere kuti aimbe foni pabenchi yapamsika, ku Canada, America ndi ku Ulaya anthu zikwizikwi opanga zipangizozo ankalandira makalata owauza kuti asabwerenso kuntchito.

Gwero lake lidali chiyembekezo chopitirira muyeso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 intaneti inkakula mofulumira, ndipo eni ndalama adakhulupirira kuti aliyense woyala nthambo za fibre adzakolola phindu losaneneka. Makampani atsopano adabuka ngati bowa, onse akukongola ndalama kuti agule zipangizo. Mu Epulo 2000 boma la Britain lidagulitsa pa okushoni ziphaso zoyendetsera 3G pamtengo wa mapaundi 22.5 biliyoni. Mu Ogasiti chaka chomwecho boma la Germany lidapeza pafupifupi mayuro 50 biliyoni m'njira yomweyo. Makampani omwe adagula ziphasozo adatsala ndi ngongole zazikulu ndipo ndalama zogulira makina zidachepa.

Opanga zipangizo nawo adachita chinthu chomwe wagolosale aliyense wapamsika amadziwa kuti n'choopsa. Pofuna kuti malonda azioneka okwera, ena a iwo ankabwereketsa ndalama kwa makasitomala awo kuti agulire katundu wawo yemwe. M'mabuku zinkaoneka ngati katundu wayenda, chonsecho ndalama yake sidalowe. Kampani ya Lucent ya ku America idachita zotere ndi kampani ya Winstar, yomwe idagwa mu Epulo 2001. Mu 2002 makampani akuluakulu a Global Crossing ndi WorldCom adagwanso, ndipo ku WorldCom kudapezeka chinyengo chachikulu m'mabuku a ndalama.

Zotsatira zake zidagwera antchito. Lucent, yomwe idali ndi anthu oposa 150,000 pachimake pake, idatsala ndi osakwana 40,000 pofika 2003, ngakhale ena mwa iwo adapita ndi nthambi zomwe zidapatulidwa kukhala makampani paokha. Ericsson idatsika kuchoka pa anthu oposa 100,000 mu 2000 kufika pafupifupi 50,000 mu 2004. Marconi ya ku Britain, yomwe idagula makampani a ku America pamtengo wokwera nthawi ya chisangalalo ija, idachotsa anthu zikwizikwi kuyambira 2001, ndipo gawo lake lalikulu lidagulidwa ndi Ericsson kumayambiriro kwa 2006.

Otsala adayamba kuphatikizana kuti apulumuke, koma ukwati uliwonse wa makampani unkabwera ndi mndandanda wa ochotsedwa. Alcatel ya ku France ndi Lucent adakhala kampani imodzi mu 2006, ndipo mu 2007 adalengeza zochotsa anthu 12,500, kenako ena 10,000 mu 2013. Nokia ndi Siemens adaphatikiza nthambi zawo za zipangizo za netiweki mu 2007, ndipo mu Novembala 2011 kampani yawoyo idati anthu 17,000 apite. Mu 2016 Nokia idameza Alcatel-Lucent yonse. Makampani awiri akakhala amodzi, safuna maofesi awiri owerengera ndalama kapena magulu awiri a mainjiniya opanga chinthu chofanana.

Ena amaloza chala ku China, ndipo pali chilungamo pang'ono pamenepo. Kampani ya Huawei, yomwe Ren Zhengfei adaiyambitsa mumzinda wa Shenzhen mu 1987, idabwera ndi zipangizo zotsika mtengo ndipo idalanda misika yambiri mu Africa, Asia ngakhale ku Ulaya komwe. Pofika 2012 idali itaposa Ericsson pa ndalama zomwe inkapeza. Ntchito zina zomwe zidatha ku Ulaya ndi ku America zidakabadwira ku China. Koma mpikisano si nkhani yonse. Kuyambira 2019 boma la America lidaika ziletso pa Huawei, ndipo mu 2020 Britain idalamula kuti zipangizo za kampaniyo zichotsedwe mu netiweki ya 5G pofika 2027. Mdani wamkulu adatsekeredwa kunja kwa misika yonona, komabe Nokia ndi Ericsson adachotsabe anthu mu 2023.

N'zoona kuti nthawi zina kampani imafika poti ikapanda kuchepetsa antchito ndiye kuti onse ataya ntchito. Ericsson ndi chitsanzo. Idadula theka la antchito ake, idapempha eni masheya kuti athiremo ndalama zina mu 2002, ndipo idapulumuka. Pofika 2022 idali italembanso anthu oposa 100,000. Palibe angakakamize kampani kulipira anthu ndi ndalama yomwe ilibe. Choncho funso lenileni si lakuti kodi kampani ili ndi ufulu wochotsa anthu ntchito. Funso ndi lakuti amachotsedwa motani, amapita ndi chiyani m'manja, ndipo ndani akusenza katundu wa zolakwa zomwe zidachitika.

Yankho loipitsitsa lidachokera ku Canada. Kampani ya Nortel, yomwe mizu yake idayamba mu 1895, idali kunyada kwa dzikolo. Mu 2000 idali ndi antchito oposa 90,000 ndipo mtengo wake udaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msika wonse wa masheya wa mumzinda wa Toronto. Sheya imodzi idafika pa madola 124 a ku Canada. Patangotha zaka ziwiri sheya yomweyo siinkakwana ndi dola imodzi yomwe, ndipo antchito adatsala osakwana 40,000. Mabanja ambiri, kuphatikizapo a antchito a kampaniyo, adali ataika ndalama zawo zaukalamba m'masheya amenewa. Akuluakulu akale adanena kuti fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chuma chapapepala chija chidauluka.

Pa 14 Januwale 2009 Nortel idapita kukhoti kukapempha chitetezo chifukwa idalephera kubweza ngongole. Kuyambira pamenepo anthu omwe idawachotsa ntchito adasiya kulandira ndalama zowapepesa zomwe adawalonjeza, ndipo adaikidwa pamzere umodzi ndi ena onse omwe kampaniyo idali nawo ngongole. Chaka chomwecho makhoti adavomereza kuti mpaka madola 45 miliyoni agawidwe ngati mabonasi kwa akuluakulu ndi antchito ena omwe ankaoneka ofunika, ati pofuna kuti asathawe. Kumapeto kwa 2010 antchito mazana angapo omwe adali pakhomo chifukwa cha matenda kapena ulumali adataya thandizo lomwe ankadalira. Mu 2011 penshoni za anthu okalamba zikwizikwi zidadulidwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ndalama zidalipo. Katundu wa Nortel atagulitsidwa padapezeka madola oposa 7 biliyoni a ku America. Mwa ndalamazi, madola 4.5 biliyoni adachokera ku ziphaso zaumwini wa luso lomwe mainjiniya a kampaniyo adatulukira, zomwe gulu la makampani monga Apple, Microsoft ndi Ericsson lidagula mu 2011. Nzeru za antchito omwewo ndi zomwe zidabweretsa ndalama zochuluka. Koma mkangano wa kagawidwe kake udatha zaka zambiri m'makhoti a ku Canada ndi America, mpaka 2017, ndipo maloya ndi alangizi adadyapo pafupifupi madola 2 biliyoni. Okalamba ena adamwalira akudikira.

Dziko la Canada lidaphunzirapo, ngakhale mochedwa. Mu 2023 nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo loti kampani ikagwa, ngongole ya kuthumba la penshoni izikhala m'gulu loyamba kulipidwa. Lamuloli lidabwera patatha zaka 14 Nortel itagwa, ndipo silidabwezere kalikonse kwa omwe adavutika kale.

Nkhani ya Nokia ikuonetsa mbali zonse ziwiri. Kale kampaniyi inkapanganso mafoni am'manja, monga 3310 ndi 1100 zomwe zidatchuka m'misika ya kuno. Mu Januwale 2008 idalengeza kuti itseka fakitale yake ya mafoni mumzinda wa Bochum ku Germany, momwe munkagwira ntchito anthu 2,300. Panthawiyo kampaniyo idali itangopeza phindu lalikulu mu 2007, ndipo chifukwa chomwe idapereka chidali chakuti kupanga mafoni ku Germany n'kodula. Anthu adakwiya, adachita zionetsero, andale ena adabweza mafoni awo a Nokia, ndipo akuluakulu a chigawocho adafuna kuti kampaniyo ibweze ndalama zomwe boma lidaithandiza nazo. Pamapeto pake Nokia idavomera kupereka mayuro 200 miliyoni othandizira ochotsedwawo.

Ntchito za ku Bochum zidasamukira ku Jucu, pafupi ndi mzinda wa Cluj ku Romania, komwe malipiro adali otsika. Anthu akumeneko adasangalala ndipo akuluakulu aboma adakonza malo ndi misewu. Chisangalalocho sichidakhalitse, chifukwa mu Sepitembala 2011 Nokia idalengeza kuti fakitale ya ku Jucu nayo itsekedwa, ndipo anthu 2,200 adatsala manja ali m'khosi. Ntchito yomwe yabwera chifukwa choti anthu a kuderalo ndi otsika mtengo imachokanso tsiku lomwe kwapezeka ena otsika mtengo kuposa iwo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma manyazi a ku Bochum adaphunzitsa Nokia kanthu. Malonda a mafoni ake atayamba kulowa pansi chifukwa cha iPhone ndi mafoni a Android, kampaniyo idakhazikitsa mu 2011 ndondomeko yotchedwa Bridge. Wochotsedwa ntchito ankauzidwa nthawi idakalipo ndipo ankapatsidwa njira zingapo: kufuna ntchito ina mkati mwa kampaniyo, kuthandizidwa kupeza ntchito kwina, kubwerera kusukulu, kapena kulandira mpamba wofika mayuro 25,000 woyambira bizinesi yake. Anthu pafupifupi 18,000 adadutsa m'ndondomekoyi ndipo makampani ang'onoang'ono pafupifupi 1,000 adabadwa. Sikuti onse zidawayendera, ndipo tauni ya Salo ku Finland, komwe fakitale idatsekedwa mu 2012, idavutika zaka zambiri. Komabe kusiyana kwake ndi zomwe zidachitika ku Nortel n'koonekeratu. Uku munthu adatuluka pageti ali ndi poyambira, uko adatuluka ndi kalata yokadikirira kukhoti.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza banja la m'tauni yaing'ono lomwe silidaonepo fakitale ya zipangizo za mafoni.

Choyamba, ndalama yaukalamba ya wantchito siyenera kugona m'thumba limodzi ndi ndalama ya kampani. M'Malawi muno lamulo la penshoni lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011 lidalamula kuti wolemba ntchito azipereka magawo 10 pa 100 alionse a malipiro, wantchito magawo 5, ndipo ndalamazo zizipita kuthumba loima palokha. Mfundoyi ndi yabwino chifukwa kampani ikagwa, thumbalo limatsala. Vuto ndi lakuti olemba ntchito ena amadula ndalamayo pamalipiro koma osaitumiza, zomwe banki yaikulu ya Reserve yakhala ikudandaula nazo. Bwana wochita zotere akukonza Nortel yake yaing'ono. Wantchito ali ndi ufulu wofunsa chikalata choonetsa zomwe zalowa m'thumba lake, ndipo ndi bwino kufunsa kampani idakali moyo kusiyana n'kudikira tsiku lomwe pageti padzakhale loko.

Chachiwiri, boma lililonse lomwe likukopa makampani akunja powachotsera misonkho kapena kuwapatsa malo liyenera kukumbukira Bochum ndi Jucu. Kukopa makampani si kulakwa, pakuti achinyamata akufuna ntchito. Koma pangano lizinena poyera zaka zomwe kampaniyo ikhale, anthu omwe iwaphunzitse luso, komanso zomwe idzabweze ikadzachoka nthawi isadakwane. A ku Germany adatha kukakamiza Nokia chifukwa adali ndi mapepala oonetsa zomwe adaipatsa komanso mabungwe amphamvu a anthu apantchito. Dziko lomwe lapereka zonse popanda kulemba kanthu limangotsala ndi chinyumba chopanda anthu.

Chachitatu chikupita kwa makolo omwe amagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti mwana aphunzire zamakompyuta kapena zamagetsi. Asaleke, chifukwa netiweki ikufunabe anthu oika zipangizo, ozikonza ndi oziyendetsa. Koma mwana auzidwe zoona, kuti dzina la kampani lomwe lili pamalaya ake si lake. Chake ndi luso lomwe lili m'mutu ndi m'manja. Mainjiniya ambiri a Nortel mumzinda wa Ottawa ndi a Nokia mumzinda wa Oulu adapezanso ntchito kapena kuyambitsa makampani awo chifukwa luso lawo linkafunika kwina. Amene adavutika kwambiri ndi omwe ankadziwa ntchito imodzi yokha pamzere wa m'fakitale, komanso omwe zaka zidali zitapita.

Chomaliza chikupita kwa eni makampani ndi owayendetsa, akunja ndi akuno omwe. Si mmisiri wapansanja amene adaganiza zobwereketsa ndalama kwa kasitomala wosatha kubweza. Si mayi wolumikiza mawaya m'fakitale amene adagula kampani ina pamtengo wamisala. Ngati pafika poti ena achoke, mkulu yemwe adamanga mfundo zolakwikazo asakhale woyamba kulandira bonasi. Ochotsedwa auzidwe msanga, alipidwe zawo zonse asadatuluke, ndipo athandizidwe kupeza poyambira. Nokia idachita izi ili pamavuto aakulu azachuma, choncho palibe bwana anganene kuti n'zosatheka.

Luso la mafoni lipitirira kusintha. Makampani ayamba kale kukonzekera 6G, ndipo ikadzafika padzakhalanso nyengo yolemba anthu ambiri, kenako nyengo yowachotsa. Zimenezo palibe angaziletse. Zomwe malamulo, mabungwe a antchito ndi mabanja angathe kuchita ndi kuonetsetsa kuti nyengo yoipayo ikafika, munthu yemwe adapereka zaka 20 kapena 30 za moyo wake pakampani akupita kwawo ndi penshoni yake yonse, malipiro ake onse komanso luso loti n'kudyetsa nalo ana.